Mafunso ndi mayankho: kupanga magazini ya nyimbo ya achinyamata

Anthu akhala akundifunsa zambiri pa nkhani imeneyi, ena ndi aphunzitsi oti ali ndi kalabu ya zolembalemba pasukulu pawo, ena ndi anyamata ndi atsikana oti angolemba kumene MSCE ndipo ali ndi laputopu yobwereka komanso chidwi chochuluka. Mafunso ake amakhala omweomwewo, ndiye ndati ndingowaika pamodzi. Ndikamati achinyamata pano ndikunena a zaka 13 mpaka 18, a Form 1 mpaka Form 4, osati ife tayamba kale kulipira lendi.

Kodi alipo mwana amene angawerenge magazini ya pepala pomwe zonse zili pa TikTok?

Alipo, ndipo ndi ambiri kuposa mmene timaganizira ife okhala ndi foni m'manja tsiku lonse. Pitani pa sekondale yogonera komweko, m'masukulu ambiri foni ndi yoletsedwa, akakupeza nayo ndi mlandu. Mwana amakhala teremu yonse osaona Facebook. Ena foni ali nayo koma ndi ya mabatani, ena ndi ya amayi awo, ena bandulo yatha pa 10 mwezi. Ndiye magazini imodzi ikalowa mu hostelo imayenda bedi ndi bedi, imawerengedwa ndi anthu asanu nthawi imodzi atapanikizana mitu, wina akukoka tsamba wina akuti dikira sindinamalize, pofika Lachisanu kava yafewa ngati nsalu.

Chimenechi ndiye ndimafuna aliyense achigwire asanatsegule kompyuta. Magazini imeneyi siwerengedwa ndi munthu mmodzi atakhala phee pa sofa. Imawerengedwa pagulu, mobisa nthawi ya prep, pa kuwala kochepa, ndipo idzang'ambidwa. Chilichonse chomwe ndinene m'munsimu, saizi, fonti (mtundu wa malemba), posita, pepala, chikuchokera pamenepa.

Koma sindikunamizani kuti ndi bizinesi yophweka. Smash Hits ya ku Britain, yomwe inayamba 1978 ndipo inali mfumu ya magazini a nyimbo a achinyamata kumeneko, inatsekedwa mu 2006 intaneti itaivuta. Pa nkhani zatsopano simungapambane foni, mukamasindikiza kuti wakuti watulutsa nyimbo ana anaimva kale masabata atatu apitawo. Mupambana pa zinthu zoti munthu agwire, amate pakhoma, asunge mu sutikesi.

Ndiyambire pati, pa kava?

Ayi, kava ndi yomaliza. Yambani ndi mapepala wamba. Tengani mapepala a A4 asanu ndi limodzi, apindeni pakati onse pamodzi, mwapeza kabuku ka masamba 24. Lembani ndi pensulo pa tsamba lililonse chomwe chikhalepo: apa zamkati, apa kucheza ndi woyimba, apa tchati, apa malonda. Mukatero muona nokha kuti pepala limodzi likapindidwa limabala masamba anayi, ndiye magazini yomangidwa ndi ma stepulo pakati imayenera kukhala ndi masamba 16, 20, 24, 28, 32 choncho. Masamba 22 kulibe, a printa adzakubwezani kapena adzakuikirani masamba awiri opanda kanthu.

Kope loyamba musapitirire 24. Aliyense amayamba ndi moto woti ndipanga masamba 60, kenako kope lachiwiri nkhani zasowa, ndalama zasowa, magazini yafera pompo.

A4 kapena A5?

Ine ndimakonda A5 pa ana a sukulu, 148 ndi 210 mm, chifukwa imalowa mkati mwa kope la notsi komanso m'thumba la yunifolomu, ndipo pepala limachepa ndiye mtengo umatsika. Kuipa kwake posita yapakati imangokhala A4. Mukasankha A4, yomwe ndi 210 ndi 297 mm, posita yapakati imakhala A3 ndipo pakhoma imaoneka bwino kwambiri. Ngati ndalama ilipo pitani pa A4, ngati ndi yoperewera A5 sichinthu chochititsa manyazi.

Nanga pa kava pakhale chiyani?

Nkhope imodzi. Osati oyimba asanu ndi awiri odulidwa m'mbali n'kuunjikidwa ngati posita ya shoo ya kumapeto kwa chaka, zija zimamatidwa pa mitengo ya magetsi zija. Nkhope imodzi yayikulu, maso akuyang'ana amene wagwira magaziniyo. Dzina la magazini likhale pamwamba, lalifupi, loti mwana atha kulitchula osapunthwa, ndipo likhale pamalo omwewo ndi maonekedwe omwewo kope lililonse, chomwe mungasinthe ndi kala yokha basi.

Mitu ya pa kava isapose inayi kapena isanu, umodzi waukulu ina yaying'ono. Ndipo mutu uzinena chinthu. "Kucheza ndi wakuti" si mutu. "Ndinalephera JCE koma sindinasiye kuimba" ndi mutu, bola ngati woyimbayo ananenadi mawu amenewo, musamupekere ayi. Ngati mkati muli posita lembani pa kava mooneka kuti muli posita, ana ambiri amagulira chimenecho.

Njira yoyesera kava ndi iyi, isindikizeni pa printa wamba, muimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo masitepe asanu. Ngati dzina ndi mutu waukulu sizikuwerengeka pamenepo ndiye kuti pa shelefu kapena m'manja mwa wogulitsa pa depoti sizidzawerengekanso.

Ndani akhale pa kava, wa kuno kapena wa kunja?

Wa kuno, pafupifupi nthawi zonse. Chifukwa choyamba wa kunja simungamujambule nokha ndipo chithunzi chake chili ndi mwini wake. Chachiwiri mwana wa ku Ndirande kapena Mchesi kapena Chibavi akaona munthu woti anakulira dera ngati lake ali pa kava, zimamukhudza mosiyana. Za amapiano a ku Joni ndi afrobeats ya ku Nigeria ziikeni mkati, ana amazikonda ndipo kuzibisa n'kudzinamiza, koma kutsogolo kukhale kwathu. Ndipo musaiwale atsikana, chonde. Magazini ambiri otere amadzaza anyamata a hip hop ndi dancehall tsamba ndi tsamba ngati kuti atsikana saimba, pomwe theka la owerenga anu ndi atsikana, ndipo gospel ndi makwaya a sukulu nazonso ndi nyimbo zomwe ana amaimba tsiku lililonse.

Fonti yabwino ndi iti?

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Munthu akangomva kuti ndi za achinyamata amathamangira ma fonti okhotakhota ngati zolemba pakhoma la bafa, tsamba limodzi ma fonti asanu ndi atatu, kuganiza kuti ndiye kuchangamuka kumeneko. Ana okhawo amaona kuti ndi munthu wamkulu akuyesera kuvala ngati mwana. Sankhani ma fonti awiri, imodzi yonenepa yaphokoso ya mitu, ina yofatsa ya nkhani. Phokoso lonse lipite ku mitu, ku makala ndi ku zithunzi, koma nkhani yeniyeniyo ikhale yoyera yowerengeka, saizi 9.5 kapena 10 pt ndi mpata wokwanira pakati pa mizere. Kumbukirani kuti ena akawerengera pa tochi magetsi atathima.

Ndiye pali vuto lathu la Chichewa lomwe ma tutorial a pa YouTube sadzakuuzani. Mawu athu ndi aatali. Tengani mawu ngati "sindinamuyembekezere" muwaike mu kolamu yopyapyala yoti mizere yake yawongoledwa mbali zonse ziwiri, muona mzere wina uli ndi mawu awiri okha ndi dzenje lalikulu pakati, ndipo maenje amenewa akatsatizana tsamba limaoneka ngati lodyedwa ndi chiswe. Mankhwala ake ndi kuwongola kumanzere kokha, kumanja kuzisiya zitsetsereke, komanso makolamu akhale otakata, atatu pa A4 awiri pa A5. Zodula mawu zokha kumapeto kwa mzere zija muzithimitse, pulogalamu imadula motsatira Chingerezi ndiye imakudulirani "ng'oma" pakati pa n ndi g, kapena "nkhani" pakati pa k ndi h. Ngati pakufunika kudula dulani nokha pamene phatikizo lathera, pa lembo la liwu.

Musanakondane ndi fonti iliyonse lembani mawu awa muone: Malaŵi, ng'ombe, m'mudzi. Ma fonti ambiri aulere okongoletsa alibe ŵ, amangoika kabokosi kapena kubwereka lembo ku fonti ina, ndipo ena kankhodolero kawo kamaoneka konyansa. Ku Google Fonts kuli ambiri oti ali nazo zonsezi ndipo ndi ololedwa kugwiritsa ntchito pa malonda osalipira.

Chinanso, malemba ang'onoang'ono oyera pamwamba pa chithunzi kapena pa kala yakuda amaoneka bwino pa sikirini koma pa pepala inki imawadya. Achiteni pa mitu yokha.

Posita ndi yofunikadi?

Ndi mtima wa magazini yonse. Bravo ya ku Germany, yomwe inayamba 1956, inatchuka ndi nzeru yoika posita ya munthu wotchuka yaitali ngati munthu weniweni koma mzidutswa, kope lililonse chidutswa chimodzi, mwana azigula mpaka thupi lonse likwane pakhoma. Nzeru imeneyo ndi yakale koma ikugwirabe, mutha kuchita ya zidutswa zinayi zokha.

Posita ikhale pakati penipeni pomwe pali ma stepulo kuti ichoke osawononga masamba ena. Ndipo samalani zomwe mwaika kuseri kwake. Ine pa kope langa lina ndinaika mapeto a nkhani yaikulu kuseri kwa posita, ndiye nditapita pasukulu ina kukaona mmene yayendera ndinapeza posita ili pakhoma la hostelo yomatidwa ndi phala la nsima m'makona, magazini ikuyendabe m'manja mwa ana koma nkhani ija ilibe mapeto. Mtsikana wina wa Form 2 anandifunsa kuti nanga munthu wa mu nkhaniyo anakhululukirana ndi bambo ake aja kapena ayi, mayankho ake anali atayang'ana kukhoma. Zinandipweteka chifukwa inali nkhani yomwe tinaivutikira kwambiri. Kuyambira pamenepo kuseri kwa posita ndimaikako posita ina kapena malonda, zinthu zoti zikachoka palibe amene wataya kanthu.

Zithunzi ndingotenga pa Facebook ya woyimbayo?

Ayi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba chithunzi chili ndi mwini wake, kawirikawiri amene anajambula, ndiye mupemphe ndipo dzina lake lilembedwe pambali. Chachiwiri zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp zimakhala zofinyidwa, pa foni zimaoneka zakuthwa koma pa pepala zimasweka timabokosi. Posindikiza pamafunika 300 dpi, kutanthauza kuti chithunzi chodzaza tsamba la A4 chikhale ma pixel 2480 ndi 3508, cha posita ya A3 chikhale 3508 ndi 4961. Woyimba kapena manejala wake akamakutumizirani pa WhatsApp muwauze atumize ngati document osati ngati chithunzi, kapena aike pa Google Drive.

Mukajambula nokha, foni yabwino imakwana bola kuwala. Jambulani panja m'mawa kapena cha m'ma 4 koloko madzulo dzuwa litafatsa, ndipo musiye malo pamwamba pa mutu wa munthuyo poti padzakhale dzina la magazini. Mutengereni malo oti ali ndi moyo, pamsika, pa bwalo la mpira la m'dera lake, mu studio yake yaying'ono ija ya matiresi kukhoma, osangoti khoma loyera nthawi zonse.

Ndilembe Chichewa kapena Chingerezi?

Zonse, mmene ana amayankhulira. Koma musamale ndi chiyankhulo cha pa tauni, chimasintha msanga kwambiri, mawu omwe inu munkati ndi atsopano muli Form 3 pano amanenedwa ndi amalume. Mawu otere asiyeni atuluke mkamwa mwa woyimba ndi m'makalata a owerenga, inu olemba lembani Chichewa chomasuka koma choyera. Ngati magazini ikupita kumpoto ikani tsamba la Chitumbuka, ku Mangochi ndi Machinga Chiyao, ana amasangalala kuona chiyankhulo chawo chitasindikizidwa.

Njira yabwino koposa ndi kukhala ndi ana enieni awiri atatu olemba nawo. Iwo ndi amene amadziwa funso lomwe anzawo akufuna lifunsidwe, ndipo nthawi zambiri si lija la "munayamba liti kuimba" ayi, amafuna kudziwa kuti beat imagulidwa bwanji, kunyumba anakulolani bwanji, munkakhoza masamu kapena ayi.

Mkati muzikhala zotani kupatula kucheza ndi oyimba?

Zidutswa zifupizifupi zambiri ndi nkhani yaitali imodzi kapena ziwiri. Tsamba lililonse likhale ndi poyambira pangapo, mutu, chithunzi, kabokosi ka m'mbali, mawu amodzi okulitsidwa, chifukwa anthu asanu akamawerenga tsamba limodzi aliyense diso lake limagwera pake. Tchati cha nyimbo khumi chosankhidwa ndi owerenga eni ake sukulu ndi sukulu chimakoka kwambiri poti aliyense amafuna aone dzina la sukulu yake. Mafunso opikisana, makalata, zojambula za owerenga, tsamba lophunzitsa ma chord atatu a gitala kapena kuyamba FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, mbiri ya magule ngati manganje, malipenga ndi beni ndi mmene oyimba a pano akuwalowetsera mu nyimbo zawo. Muthanso kulemba za malo ophunzirira nyimbo ngati Music Crossroads ku Lilongwe, kapena za Tumaini Festival ya ku Dzaleka, kuti mwana aone kuti nyimbo zili ndi njira zambiri osati kutchuka kokha.

Nanga mawu a nyimbo, ndingasindikize?

Ana amawafuna kwambiri, ndi chimodzi mwa zomwe zinakweza Smash Hits, ndipo kwathu kuno tonse tikukumbuka makope aja tinkalembamo mawu a nyimbo kumapeto. Koma mawu a nyimbo ndi katundu wa amene anapeka, lamulo la Copyright Act la 2016 limawateteza. Pemphani chilolezo cholembedwa kwa mwini wake, ngakhale uthenga wa pa foni womveka bwino muusunge, ndipo ngati simukudziwa kuti ufulu uli ndi ndani funsani ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa opeka nyimbo ndi olemba. Oyimba achinyamata ambiri amavomera mosangalala. Muwapemphenso akutumizireni mawuwo okha, musalembe pomvera, mudzalakwitsa ndipo ana adzakugwirani. Nyimbo yotukwana isiyeni, ngakhale itatchuka bwanji.

Pulogalamu yanji, ndilibe ndalama ya InDesign?

Scribus ndi yaulere ndipo imatulutsa PDF yoyenera ku printa, kungoti imafuna kuleza mtima masiku oyamba. Canva ndi yophweka ndipo pa kava ndi masamba a zithunzi imathandiza, koma nkhani yaitali yodutsa masamba atatu imavuta, komanso ma template ake aliyense akugwiritsa omwewo ndiye magazini yanu idzafanana ndi pulogalamu ya ukwati. Word ayi. Photoshop ndi ya zithunzi, musapangiremo tsamba lonse, malemba amatuluka osaoneka bwino m'mbali.

Ku printa ndikanene chiyani?

Pitani musanayambe dizaini, osati mutamaliza. Afunseni makina awo amafuna fayilo yotani. Zambiri ndi izi: makala akhale CMYK, a ma inki anayi a printa, osati RGB ya pa sikirini, apo ayi buluu wowala uja ndi pinki uja adzatuluka ozimirira, chithunzi chilichonse chofika m'mphepete chipitirire ndi 3 mm kunja kwa tsamba kuti mpeni ukadula pasatsale kamzere koyera, malemba akhale kutali ndi m'mphepete mwina 10 mm, ma fonti alowe mu PDF momwemo. Malemba akuda a nkhani akhale a inki yakuda yokha, K 100. Ndinaonapo kope lathunthu lotuluka ndi malemba okhala ngati ali ndi mthunzi wofiira chifukwa chakudacho chinali chosakaniza ma inki onse anayi ndipo makina anaphonya pang'ono, kuwerenga kwake maso amachita kuwawa.

Pepala, kava ikhale yolimba 200 kapena 250 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) poti idutsa m'manja ambiri, mkati 115 gsm yonyezimira ngati mungathe, kapena bond ya 80 gsm. Ndalama ikavuta pangani kava ndi posita za makala, masamba ena akuda ndi oyera, zimaoneka bwino ndithu mukazipanga mwadala. Makope ochepa printa ya digital ndiye yotchipa, akachuluka ya offset, yodinda ndi ma plate, imatsika mtengo pa kope chifukwa ndalama yaikulu imapita ku ma plate koyambirira. Ndipo musalole asindikize onse musanaone kope limodzi loyesera m'manja mwanu, mulipinde, muwerenge manambala a masamba, muone ngati posita yagweradi pakati.

Malonda ndilandire aliwonse?

Ayi. Mowa, fodya ndi kubetcha zisalowe, ngakhale atabwera ndi ndalama yokwana kusindikiza makope onse, owerenga anu ambiri sanafike zaka 18 ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosafika 18 ndi mwana. Kupatula apo magazini imeneyi ili ndi mageti awiri, kholo lomwe lipereke ndalama ndi ahedi omwe alole kuti ilowe pasukulu. Ahedi akatsegula n'kupeza botolo la mowa kapena chithunzi chosavala bwino, basi yathera pa ofesi. Funani a mabuku, a zakumwa zoziziritsa kukhosi, a sopo ndi mafuta odzola, masukulu a ntchito zamanja, ma studio. Malonda aoneke kuti ndi malonda, musawabise ngati nkhani.

Zithunzi za ana owerenga ndi zololedwa?

Pokhapokha kholo kapena womuyang'anira wavomera, molemba. Musaike nambala ya foni ya mwana, kapena dzina lonse limodzi ndi sukulu ndi kalasi ndi chithunzi, dzina loyamba ndi boma zakwana. Tsamba lija la kufuna anzanu ocheza nawo lomwe linkakhala m'magazini akale lisiyeni, masiku ano ndi khomo la anthu oipa. Pa za boma, fikani ku National Archives ku Zomba mufunse za kulembetsa ndi kupereka makope, lamulo la Printed Publications Act limafuna zimenezo.

Ndipange ya PDF yotumiza pa WhatsApp?

Pangani, koma isakhale fayilo yomweyo ya ku printa, ija ndi yolemera imatha bandulo ya mwana ndipo makolamu atatu pa foni munthu amatopa ndi kukokakoka. Konzani ina yoimirira, kolamu imodzi, malemba akuluakulu, zithunzi zochepetsedwa kuti fayilo yonse ikhale pansi pa 5 MB. Muitulutse patapita masabata angapo ya pepala itagulidwa, nthawi ya holide ndiye yabwino poti ana ali ndi mafoni kunyumba.

Ndidziwa bwanji kuti dizaini yagwira?

Musafunse anzanu a msinkhu wanu, adzangoti zili bho. Sindikizani kope limodzi, mulipereke kwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pamodzi, anyamata ndi atsikana, aphunzitsi kapena kholo ali pafupi, inu mukhale pambali chete osafotokoza kalikonse. Onani tsamba lomwe aima, lomwe adumpha, pomwe ayamba kukangana, pomwe wina wabweretsa pepala pafupi ndi maso chifukwa malemba achepa. Mukawafunsa kuti mwaikonda adzati eya chifukwa cha ulemu, ndiye funsani kuti mutati mung'ambe tsamba limodzi mupite nalo mungatenge liti, nanga ndi liti lomwe mungakutire nalo kope la Biology. Lomwe asankha kukutira kope mukalikonzenso musanapite ku printa.